Thanthwe Losafesa, Losakolola, Koma Lofuna Kudya: Mbiri ya Monaco

Dzina loti Monaco ndinalidziwira ku mpira. Mu 2004 timu ya AS Monaco inafika m'ndime yotsiriza ya mpikisano wa Champions League, ndipo ngakhale inagonja kwa Porto ndi zigoli 3 kwa 0, dzinalo linakhazikika m'mutu mwanga ngati dzina la tauni ina ya ku France, popeza timuyo imasewera mu ligi ya kumeneko. Panapita zaka ndisanazindikire kuti Monaco ndi dziko loima palokha, lokhala ndi mbendera yake, mpando wake ku bungwe la United Nations, mtsogoleri wake ndiponso arkiepiskopi wake, ngakhale kuti kukula kwake kumangopitirira pang'ono masikweya kilomita awiri. Munthu wamiyendo yabwino akhoza kuchoka kumalire ena n'kukafika kumalire enawo pa ola limodzi lokha, ndipo chisumbu cha Likoma chikuliposa kukula kangapo konse. Mwa mayiko onse a pa dziko lapansi, Vatican yokha ndiyo yaing'ono kuposa Monaco.

Kuchepako pakokha sikundidabwitsa. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti kadziko kameneka kadakalipo mpaka lero, pamene maulamuliro amene anali ndi zombo zankhondo zosawerengeka m'nyanja yomweyo ya Mediterranean anafafanizika kalekale. Venice ndi Genoa, mizinda imene inadzilamulira yokha kwa zaka mazana ambiri, inagwa m'manja mwa Napoleon mu 1797. Maulamuliro a Naples ndi Tuscany anamezedwa pamene Italy inkalumikizidwa kukhala dziko limodzi cha m'ma 1860. Ndipo Nice, mzinda woyandikana ndi Monaco, unakhala mbali ya France mu 1860. Eni ake a Monaco ali ndi mwambi wakale umene, m'maganizo anga, ukufotokoza mbiri yawo bwino kuposa mabuku aakuluakulu. Mwambiwo umalankhulitsa dzikolo ngati munthu, kuti: ine ndine Monaco, ndakhala pathanthwe, sindifesa ndipo sindikolola, koma kudya ndikufuna. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti munthu wosagwira khasu amene akudya tsiku ndi tsiku ali ndi kwina kumene akudyera, ndipo ine ndimawerenga mbiri ya Monaco, ya ndale, ya chipembedzo ngakhalenso ya chikhalidwe, ngati mbiri ya banja limene lakhala likusinthasintha kodyera ndi kotsamira, koma osalola kutaya dzina.

Chuma chokha chimene chilengedwe chinapatsa malowa ndi thanthwe lalitali lolowa m'nyanja, ndi doko lobisika kuseri kwake. Agiriki amene ankachita malonda kuchokera ku Massalia, komwe lero ndi Marseille, ankawatcha Monoikos, ndipo Aroma ankawagwirizanitsa ndi Hercules, n'chifukwa chake dokolo mpaka pano limatchedwa Port Hercule. Mbiri ya dziko lenilenilo ikuyamba mochedwa. Mu 1191 mfumu yaikulu Henry VI inapereka malowa kwa mzinda wa Genoa, ndipo mu 1215 anthu a ku Genoa anayamba kumanga linga pamwamba pa thanthwelo, pomwe pali nyumba yachifumu lero. Nthawi imeneyo mizinda ya ku Italy inali yogawanika pawiri: a Guelph ankatsamira kwa Papa, a Ghibelline ankatsamira kwa mfumu yaikulu ya Ajeremani, ndipo mbali imene yagonja mumzinda inkalandidwa katundu ndi kupirikitsidwa. Banja la Grimaldi linali la a Guelph, ndipo linali litapirikitsidwa ku Genoa pamene linaponya maso pa thanthwelo.

Nkhani imene dzikolo limanyadira ndi ya usiku wa pa 8 January 1297. Akuti François Grimaldi, amene anzake ankamutcha Malizia, kutanthauza kathyali, anavala mkanjo wa abale a chipani cha Francis Woyera, nabisa lupanga m'kati mwake, n'kukagogoda pachipata cha linga ngati mlendo wa Mulungu wopempha pogona. Alonda atamutsegulira iye anasolola lupanga, anzake amene anabisala mumdima analowa, ndipo kunja kusanache linga linali m'manja mwa a Grimaldi. Mpaka lero chizindikiro cha dziko la Monaco chimaonetsa amonke awiri atakweza malupanga, ndipo pansi pawo pali mawu achilatini akuti Deo Juvante, kutanthauza kuti mothandizidwa ndi Mulungu. Mabanja ambiri achifumu amabisa ukathyali umene unawapatsa mpando, koma a Grimaldi anaujambula pachipata, pa ndalama ndi pa makalata a boma. Ndikachiyang'ana chizindikirocho ndimaona kuti ku Monaco ndale ndi chipembedzo zinalowera khomo limodzi, zitavala chovala chimodzi. M'Chitaliyana mawu oti monaco amatanthauzanso mmonke, koma zimenezi zinangokumanizana mwangozi, chifukwa dzina la malowa linalipo zaka zoposa 1,000 François asanabadwe.

Nthanoyi imakoma kuposa zimene zinatsatira. A Grimaldi anangokhala pathanthwepo zaka zinayi n'kuthamangitsidwa mu 1301, ndipo François mwiniyo sanasiye mwana, moti mzere wa olamulira unachokera mwa mbale wake Rainier. Charles I analandanso lingalo mu 1331, nawonjezerapo midzi ya Menton mu 1346 ndi Roquebrune mu 1355, koma thanthwelo linapitirira kusinthana manja mpaka mu 1419, pamene banjalo linakhazikikapo kotheratu. Kudya kwawo m'zaka zimenezo kunkachokera m'nyanja. Ankakhometsa msonkho zombo zamalonda zodutsa pafupi ndi doko lawo, ndiponso ankabwereketsa zombo zawo zankhondo kwa mafumu amene ankalipira bwino. Iwo ankati ndi ufulu wawo, koma amalonda amene ankaumirizidwa kulipirawo ankawatcha achifwamba a panyanja. M'nyumba mwawo munalinso magazi. Mu 1505 Lucien anapha mkulu wake Jean II n'kutenga mpando, ndipo atateteza thanthwelo molimba mtima kwa asilikali a ku Genoa amene analizinga kuyambira kumapeto a 1506 mpaka kumayambiriro a 1507, iyenso anaphedwa ndi mwana wa mlongo wake mu 1523.

Amene analowa m'malo mwake anali mbale wake Augustin, yemwe anali episkopi wa ku Grasse, ndipo ndi episkopi ameneyu amene anakhazikitsa njira imene Monaco wakhala akuitsata kufikira lero, yosankha chimphona chimodzi n'kukhala mumthunzi mwake. Mu 1524 anaika dzikolo pansi pa chitetezo cha Charles V, wolamulira Spain. Koma walira mvula walira matope. M'kupita kwa nthawi asilikali a ku Spain anadzakhazikika m'lingamo, ndalama zimene Spain analonjeza zinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo mtetezi anayamba kuoneka ngati mwini nyumba. Honoré II, amene mu 1612 anayamba kudzitcha kalonga m'malo mwa mbuye chabe, anakambirana mwachinsinsi ndi a ku France, nasaina pangano la Péronne ndi mfumu Louis XIII mu 1641, ndipo mu November chaka chomwecho anatulutsa asilikali a ku Spain modzidzimutsa. France anavomereza kuti Monaco ndi dziko loima palokha, anatumizako asilikali 500 omvera kalonga, ndiponso anapatsa banjalo minda ndi maudindo m'dziko la France, kuphatikizapo Valentinois ndi Les Baux. Mpaka pano mwana wolowa ufumu ku Monaco amatchedwa ndi dzina la udindo wa ku Baux. Kuyambira pamenepo akalonga ambiri ankakhalitsa ku Paris ndi ku Versailles kusiyana ndi kwawo, chifukwa kumeneko n'kumene kunali nkhokwe.

Pali chinthu china chimene chimandichititsa chidwi kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti wowerenga amene anakulira m'mudzi wa chikamwini sangachione chachilendo. Timamva kuti banja la Grimaldi lalamulira zaka zoposa 700, koma dzinalo lapulumukira mwa akazi kangapo. Mu 1454 Jean I analemba mu wilo yake kuti ngati palibe mwana wamwamuna, mwana wamkazi akhoza kulowa ufumu, malinga dzina ndi chizindikiro cha Grimaldi zisungidwe. Claudine anasiyiridwa thanthwelo ali kamtsikana mu 1457 ndipo anakwatiwa ndi mbale wake Lambert, amene anali kale Grimaldi. Mu 1715 Louise-Hippolyte anakwatiwa ndi Jacques de Goyon de Matignon, wa banja lomwe dzina lake lili pa nyumba imene nduna yaikulu ya France imagwiriramo ntchito ku Paris lero, ndipo mkamwiniyo anasiya dzina la makolo ake n'kukhala Grimaldi. Zomwezo zinachitikanso mu 1920, pamene Pierre de Polignac anakwatira Charlotte. Tikati titsate mzere wa kuchimuna wokha, kalonga wa lero Albert II ndi wa kwa Polignac, koma ku Monaco mkamwini ndiye amasintha mfunda, osati mudzi.

Kuukira kumene anthu a ku France anachita pogwetsa mfumu yawo kunatsala pang'ono kuthetsa zonsezi. Mu 1793 Monaco analumikizidwa ku France n'kupatsidwa dzina lakuti Fort-Hercule, katundu wa m'nyumba yachifumu anagulitsidwa, nyumbayo inasanduka chipatala kenako malo osungirako amphawi, ndipo mtengwa wina wa m'banjamo anali mmodzi mwa anthu otsiriza kudulidwa mutu ku Paris mu July 1794. Napoleon atagwa banjalo linabwezeredwa mpando mu 1814, ndipo chaka chotsatira mayiko aakulu anaika Monaco pansi pa chitetezo cha ufumu wa Sardinia. Akalonga anabwerera ali amphawi, ndipo umphawi wawo anausenzetsa anthu a ku Menton ndi Roquebrune, kumene kunali minda ya mandimu, malalanje ndi maolivi. Honoré V anafika popatsa wamalonda mmodzi yekha chilolezo chogulitsa ufa wa tirigu m'dziko lonse, moti anthu ankagula buledi wodula koma wosakoma popanda kwina kothawira. Mu 1848 midzi iwiriyo inagalukira kalonga, ndipo pa 2 February 1861 Charles III anavomereza kuti yapitadi, naipereka kwa France posinthana ndi ndalama zokwana mafalanki 4 miliyoni komanso lonjezo la msewu ndi njanji. Mbali yaikulu kwambiri ya dzikolo inapita limodzi ndi minda yonse yodalirika. Apa ndiye mwambi uja unasanduka zenizeni, chifukwa chimene chinatsala ndi thanthwe, doko, ndi anthu osakwana 2,000.

Nzeru yopulumukira inachokera kwa mayi ake a Charles III, a Caroline, amene anaona mmene timaulamuliro tating'ono ta ku Germany tinkalemerera ndi nyumba za juga pa nthawi imene France anali ataletsa nyumba zoterozo. Kuyesa koyamba mu 1856 kunalephera, popeza kunalibe msewu wabwino wofikira ku Monaco ndipo otchova juga sankabwera. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa: mu 1863 François Blanc, amene anali atalemeretsa kale tauni ya Bad Homburg ndi juga, anapatsidwa chilolezo cha zaka 50 ndipo kampani ya Société des Bains de Mer inakhazikitsidwa. Dzina lake limangonena za kusamba m'nyanja, osatchula n'komwe juga. Chitunda chouma chimene chinkatchedwa Spélugues, kutanthauza mapanga, chinapatsidwa dzina lokopa lakuti Monte Carlo, phiri la Charles, mu 1866. Njanji yochokera ku Nice inafika mu 1868, ndipo ndalama zinayamba kulowa mochuluka kotero kuti mu 1869 kalonga anathetsa msonkho umene anthu ake ankakhoma pa zimene amapeza. Pa nthawiyo anthu ankaseka kuti kaya kampira ka pa gudumu la juga kagwera pofiira kaya pakuda, wopambana ndi woyera nthawi zonse, popeza dzina loti Blanc m'Chifalansa limatanthauza woyera, ngakhale kuti sanali woyera wa mtundu umene timaupempha kuti utipempherere. Chimene chimandiuza kuti olamulirawo ankadziwa bwino chimene ankagulitsa n'chakuti nzika za Monaco n'zoletsedwa kutchova juga m'nyumbayo, ndipo lamulolo lidakalipo. Ali ngati mayi wofulula kachasu amene salola ana ake kulawa.

Anthu ambiri akafika pamenepa amathamangira ku nkhani za mahotela ndi magalimoto, osaona kuti Charles III yemweyo, m'zaka zomwezo, ankamanganso mpingo. Kufikira nthawi imeneyo Akatolika a ku Monaco anali pansi pa episkopi wa ku Nice, ndipo Nice atakhala mbali ya France zinatanthauza kuti mbusa wamkulu wa anthu a kalonga azisankhidwa ndi boma la dziko lina, popeza pa nthawiyo wolamulira wa France ndiye ankatchula maepiskopi a m'dziko mwake. Kalonga amene anali atangotaya minda sakanalola kutayanso guwa. Mu 1868 Papa Pius IX anachotsa Monaco m'dayosizi ya Nice, mu 1875 ntchito yomanga tchalitchi chachikulu chatsopano inayamba pamalo pomwe panali tchalitchi chakale cha Nicholas Woyera, pogwiritsa ntchito miyala yoyera ya ku La Turbie, ndipo mu 1887 Papa Leo XIII anakhazikitsa dayosizi ya Monaco yoyang'aniridwa mwachindunji ndi Roma. Ku Monte Carlo komweko, pafupi ndi nyumba ya juga, kunamangidwa tchalitchi cha Charles Woyera. Sindikunena kuti chikhulupiriro cha kalongayo chinali chachiphamaso, koma n'zoonekeratu kuti dayosizi inali mbali ya ufulu wa dziko mofanana ndi mbendera, ndiponso kuti thumba limene linkatheketsa zomangamanga za nthawi imeneyo linkadzazidwa makamaka ndi anthu oluza pa juga. Mu 1981 Papa John Paul II anakweza dayosiziyo kukhala arkidayosizi, kalonga atavomera kusiya mphamvu zake zakale pa kasankhidwe ka episkopi. Malamulo aakulu a dzikolo amanena mosabisa m'ndime 9 kuti Chikatolika ndicho chipembedzo cha boma, ngakhale kuti amatetezanso ufulu wa zipembedzo zina, ndipo mu Ulaya wa masiku ano mayiko olankhula choncho atsala owerengeka.

Pansi pa zonsezi pali chikhulupiriro chakale kwambiri kuposa dayosizi, chimene ndi cha anthu wamba. Nkhoswe ya Monaco ndi Devota Woyera, mtsikana wa ku Corsica amene, malinga ndi mwambo wa mpingo, anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro chake cha m'ma 304, pa nthawi ya mazunzo a mfumu Diocletian. Akhristu anaba mtembo wake kuti usatenthedwe n'kuuika m'bwato lopita ku Africa, koma namondwe anawasokoneza, ndipo nkhunda inatsogolera bwatolo mpaka linakatsakamira pakachigwa ka Gaumates, pafupi ndi doko la Monaco, pomwe pali tchalitchi chake lero. Nkhaniyi inalembedwa patapita zaka mazana ambiri, ndipo akatswiri a mbiri yakale amaiwerenga mosamala, koma chimene ine ndimaonamo n'chakuti ngakhale woyera wa dzikoli anali mlendo wobwera ndi madzi, monga anabwerera a Grimaldi, monga anabwerera Blanc. Mwambo umanenanso kuti munthu wina anayesa kuba mafupa a woyerayo kuti athawe nawo pabwato, koma asodzi anamugwira n'kutentha bwato lakelo. N'chifukwa chake chaka chilichonse madzulo a pa 26 January, kutatsala tsiku limodzi kuti chikondwerero chake cha pa 27 chifike, banja la kalonga limayatsa bwato pamaso pa khamu la anthu. Akwatibwi a akalonga amakasiya maluwa awo a ukwati m'tchalitchi chimenechi, monga anachitira Grace Kelly mu 1956 ndi Charlene mu 2011. Pa Lachisanu Loyera, gulu la olapa ovala zakuda limene linakhazikitsidwa mu 1639 limayendabe ndi chifanizo cha Khristu wakufa m'tinjira topanikizika ta pathanthwe.

Albert I, amene analamulira kuyambira 1889 mpaka 1922, ndi kalonga amene ndimamulemekeza kuposa onse. Ndalama za juga anazilowetsa m'maulendo ofufuza za m'nyanja zikuluzikulu, anamanga nyumba yosungiramo ndi kuphunziriramo zamoyo za m'nyanja imene inatsegulidwa mu 1910 ndipo pambuyo pake inatsogoleredwa ndi Jacques Cousteau kwa zaka zoposa 30, komanso anaima poyera kumbali ya Alfred Dreyfus, msilikali wachiyuda amene anamangidwa pa mlandu womunamizira ku France. Komabe anthu ake omwe anamuukira mu 1910, podandaula kuti analibe mawu pa kayendetsedwe ka dziko lawo ndiponso kuti ntchito zabwino zinkapita kwa alendo, ndipo mu January 1911 anawapatsa malamulo oyamba oyendetsera dziko pamodzi ndi nyumba ya malamulo. M'zaka zomwezi Monte Carlo anasanduka bwalo la zaluso. Nyumba ya zisudzo zoimba imene Charles Garnier anamanga inatsegulidwa mu 1879, gulu la ovina la Sergei Diaghilev linapezako pokhala, mpikisano wa magalimoto wa Monte Carlo Rally unayamba mu 1911, ndipo wa Grand Prix, wothamangitsa magalimoto m'misewu ya mumzinda, unayamba mu 1929. Zonsezi zinali zapamwamba, koma cholinga chake choyamba chinali chakuti mlendo wolemera akhalitse sabata ina, ndipo pafupifupi onse opanga ndi oonerera anali ochokera kunja.

Mthunzi wa chimphona uli ndi mtengo wake. Mu 1918, pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inkapita kumapeto, France anaona kuti Louis, mwana yekhayo wa Albert, analibe mwana wa m'banja, ndipo wotsatira pa mzere anali mbale wawo wa ku Germany, wa banja la Urach. Boma la ku Paris silikanalola Mjeremani kukhala ndi doko pafupi ndi Nice, choncho Monaco anasainitsidwa pangano lolonjeza kuyendetsa zinthu zake mogwirizana ndi zofuna za France pa ndale, pa nkhondo ndi pa chuma. Vuto la wolowa ufumu linathetsedwa potenga Charlotte, mwana amene Louis anabereka kunja kwa ukwati ku Constantine m'dziko la Algeria mu 1898, n'kumulowetsa m'banja mwalamulo mu 1919. Mtengo wowawa kwambiri unalipiridwa ndi anthu ena. Usiku wa pa 27 August 1942, asilikali a Italy ndi a Germany asanalowe n'komwe m'dzikomo, apolisi a Monaco, pomvera boma la Vichy la ku France, limene linkagwirizana ndi Germany, anagwira Ayuda amene anathawirako poganiza kuti apeza chitetezo, n'kuwapereka. Onse pamodzi, anthu pafupifupi 90 anatengedwa kupita kumisasa ya chibalo ya a Nazi, ndipo anabwerako ndi 9 okha. Panapita zaka 73 kuti kalonga wa Monaco avomereze poyera, pamene Albert II anapepesa pa 27 August 2015 atayima kumanda a dzikolo patsogolo pa chipilala cholembedwa mayina awo.

Rainier III, mwana wa Charlotte, analowa ufumu mu 1949 n'kupeza juga itazilala ndipo posakhalitsa kampani ya Société des Bains de Mer inagwa m'manja mwa mwini zombo wa ku Greece, Aristotle Onassis. Ukwati wake ndi Grace Kelly, katswiri wa mafilimu wa ku America yemwenso anali Mkatolika, unaonetsedwa pa wailesi yakanema kwa anthu mamiliyoni ambiri mu April 1956 ndipo unabwezeretsa dzina la Monaco pakamwa pa anthu. Rainier anagonjetsa Onassis mu 1966 popanga masheya atsopano 600,000 a boma, zimene zinachititsa kuti mlendoyo asakhalenso ndi mawu aakulu m'kampanimo. Koma Charles de Gaulle, mtsogoleri wa France pa nthawiyo, sanali Onassis. Pokwiya ndi anthu komanso makampani a ku France amene ankasamukira ku Monaco pothawa msonkho, mu October 1962 anaika apolisi oona za katundu pamalire amene anthu anali atazolowera kungodutsa. Dziko limene madzi, magetsi ndi njanji zake zimadzera kwa mnansi silingalimbe nthawi yaitali pa mkangano wotere. Mu December chaka chomwecho Rainier anapereka malamulo atsopano oyendetsera dziko, amene anathetsa chilango cha imfa n'kupatsa amayi ufulu wovota pa zisankho za nyumba ya malamulo, ndipo mu 1963 anavomera kuti Afalansa amene anakhazikika ku Monaco kuyambira October 1957 azikhoma msonkho kwawo. Olemera a mayiko ena anasiyidwa osakhudzidwa, ndipo iwo ndiwo anadzaza nyumba zosanjikizana zimene Rainier anamanga.

Popeza kumtunda kunalibe kofutukukira, dzikolo linayamba kulanda malo kwa nyanja. Dera la Fontvieille, la mahekitala 22, linapangidwa pokwirira mbali ya nyanja, ndipo bwalo la Stade Louis II limene timu ija imasewererapo kuyambira 1985 lili pomwe kale pankadutsa mabwato. Mu December 2024 anatsegulanso dera lina lotero lotchedwa Mareterra, la mahekitala 6. Pa ndale, Monaco analowa mu United Nations mu 1993 ndi mu Council of Europe mu 2004, ndipo pangano latsopano ndi France la mu 2002 linamasula zingwe zina za mu 1918. Ngakhale zili choncho kalonga adakali ndi mphamvu zenizeni: nduna zimayankha kwa iye osati kwa aphungu 24 a nyumba ya malamulo, ndipo lamulo silingakhalepo popanda iye kuvomereza. Juga masiku ano imabweretsa gawo lochepa chabe la ndalama za boma, zambiri zimachokera ku msonkho wa pa malonda ndi ku kugulitsana nyumba. Kodyera kwatsopanoku kuli ndi matope akenso, chifukwa mu June 2024 bungwe la FATF, limene limalimbana ndi kubisa ndalama zachinyengo pa dziko lonse, linaika Monaco pa mndandanda wa mayiko ofunika kuwayang'anitsitsa pa nkhani ya ndalama zopezeka mwachinyengo.

Nanga eni thanthwe ali kuti? Mwa anthu pafupifupi 38,000 okhala ku Monaco, nzika zenizeni ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse, ndipo m'mawa uliwonse anthu oposa 40,000 amalowa kuchokera ku France ndi Italy kudzagwira ntchito m'dziko limene sangakwanitse kulipiramo lendi. Chilankhulo cha boma ndi Chifalansa. Chilankhulo cha makolo, munegascu, chimene ndi mphukira ya chilankhulo cha ku Genoa, chinkaonedwa ngati cha asodzi ndi cha kukhitchini, ndipo ana ankakalipiridwa akachilankhula kusukulu, zimene ambiri a ife amene tinalangidwapo chifukwa cholankhula chathu m'kalasi sitingavutike kuzimvetsa. Sichinalembedwe ngati chilankhulo cha mabuku mpaka mu 1927, pamene Louis Notari anasindikiza ndakatulo yaitali yofotokoza nkhani ya Devota Woyera, ndipo ndi Notari yemweyo amene analemba mawu a nyimbo ya fuko amene amaimbidwa lero. Pofika m'ma 1970 olankhula anali atatsala okalamba ochepa, ndipo wansembe wina, Georges Franzi, ndiye analimbikira mpaka chinayamba kuphunzitsidwa m'sukulu mu 1976. Masiku ano mayina a misewu ya pathanthwe amalembedwa m'zilankhulo ziwiri, ndipo mwana wa mwini banki wochokera ku London kapena ku Milan amene ali pa sukulu ya boma amaphunzira mawu amene agogo a asodzi ankachita nawo manyazi.

Malo amene chilankhulochi chimamvekera mokweza ndi m'tchalitchi cha Devota chija, kumene m'mawa wa pa 26 January Misa imachitika m'chimunegascu, bwato lisanatenthedwe madzulo ake. Pakapita miyezi yowerengeka, pabwalo lomwelo pamaikidwa zitsulo zotchinga, chifukwa khomo la tchalitchicho layang'anizana ndi kona yoyamba ya mpikisano wa Grand Prix, imene oulutsa mawu a mayiko onse amaitchula dzina lakuti Sainte Dévote, ndipo ndi pomwe magalimoto amakonda kuwombana mpikisano ukangoyamba.